Kutsatira ma deputado a Tete: yambani ndi kope, deti ndi chidindo

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga makutu athu anazolowera wailesi za kutsidya kwa malire. Ukatsegula m'mawa umamva anthu a ku Dedza kapena ku Ntcheu akudzudzula phungu wawo mochita kumutchula dzina: mlatho uja sanamange, ku Nyumba ya Malamulo amangokhala duu, chisankhidwireni sanapondeko kumudzi. Tsiku lina tikudikira chapa ku Ulónguè, bambo wina wogulitsa mbatata atamva zoterezi anatifunsa kuti, "Nanga ife wathu ndani?" Tinalipo anthu ngati 10, mphunzitsi anali pomwepo, koma palibe amene anatchula dzina ngakhale limodzi.

Kusowa yankho kumeneku si umbuli. Kuno ku Mozambique sitisankha munthu woimira dera lathu lokha. Papepala la voti timachonga chipani, ndipo chipanicho chimakhala chitapereka kale mndandanda wa maina a chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Mipando imagawidwa potengera mavoti amene chipani chapeza, kuyambira dzina la pamwamba kumatsika. Malamulo aakulu a dziko amanenanso kuti deputado, ndiye phungu wa kuno, amaimira dziko lonse, osati chigawo chimene chinamusankha chokha. N'chifukwa chake deputado amaopa kwambiri amene anamuika pamndandanda, pomwe ife ovota tikhoza kutha zaka 5 osadziwa n'komwe nkhope yake. Ntchito imene ndikufotokoza pano ndi yomutulutsa munthuyo kuseri kwa mbendera ya chipani, kuti tidziwe ngati amapita kuntchito, zimene amavomereza m'dzina lathu, ndiponso mmene ndalama zikuyendera. Zofunika ndi kope la masamba ambiri, cholembera, wailesi, ndi anthu 4 kapena 5 osatopa msanga.

Pezani maina kaye

Assembleia da República, Nyumba ya Malamulo ya ku Maputo, ili ndi ma deputado 250. Mwa amenewa, 248 amasankhidwa m'zigawo ndi mumzinda wa Maputo, ndipo 2 amaimira abale athu okhala kunja kwa dziko. Nyumba imene inatuluka pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 inayamba ntchito pa 13 Januwale 2025, mipando itagawidwa chonchi: Frelimo 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Tete yokha ili ndi mipando yopitirira 20, ndipo anthu okhala pamipando imeneyo ndiwo tikuwafuna.

Maina awo mungawapeze pa tsamba la Assembleia pa intaneti, parlamento.mz, kapena pa chigamulo cha Conselho Constitucional, khoti loona za malamulo aakulu ndi zisankho, chotsimikizira zotsatira za chisankho, chimene chimasindikizidwa mu Boletim da República, nyuzi ya boma yolengezamo malamulo ndi zidziwitso. Ngati netiweki ndi yovuta kwanuko, pitani ku maofesi a zipani m'boma lanu mukafunse mwaulemu maina a anthu awo amene analowa. Deputado aliyense mupatseni tsamba lakelake m'kopemo. Pamwamba lembani dzina, chipani, ndi comissão, kapena kuti komiti ya m'Nyumbayi, imene ali.

Comissão imeneyi musaipepule, chifukwa ntchito yambiri ya Nyumbayi imaphikidwa m'timagulu timeneti isanabwere pagulu. Kuli comissão ya Plano e Orçamento yoona za bajeti, ya Agricultura, Economia e Ambiente yoona za ulimi, chuma ndi chilengedwe, ya Petições, Queixas e Reclamações yolandira madandaulo a anthu, ya Ética Parlamentar yoona khalidwe la ma deputado eni ake, ndi ena otero. Mlimi wa fodya kapena mbatata amene akulira ndi mtengo wa feteleza ayenera kudziwa kuti ndani wa ku Tete amene amakhala pa tebulo la zaulimi. Dziwaninso kuti maina amasintha. Deputado akapatsidwa unduna, akamwalira kapena akasiya, pampando pake pamakhala wotsatira pamndandanda, amene amamutcha suplente. Choncho chaka chikamayamba onaninso maina anu.

Musasokoneze nyumba zitatu. Ya ku Maputo imapanga malamulo a dziko lonse ndi kuvomereza bajeti ya dziko. Assembleia Provincial ya mumzinda wa Tete imayang'anira ntchito za Governador ndi gulu lake. Matauni monga Ulónguè ndi Moatize ali ndi Assembleia Municipal. Mukafunsa deputado wa ku Maputo za zinyalala za pamsika, adzakuyankhani kuti si zake, ndipo adzakhala akunena zoona. Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa nyumba ziwiri zapafupizi, mwina bwino koposa, popeza mamembala ake timakumana nawo kutchalitchi ndi kumaliro.

Kodi amapita kuntchito?

Nyumbayi imakhala ndi misonkhano ikuluikulu iwiri pachaka, ndipo uliwonse umatenga milungu yambiri. Kawirikawiri wina umagwa m'miyezi yoyambirira ya chaka, pamene tili kalikiliki ndi fodya ndi zokolola, wina chakumapeto, pamene tikusosa ndi kubzala. Munthu mmodzi sangakwanitse. Gawanani masiku: uyu amvere Lachitatu, uyo Lachinayi. Zokambirana zikuluzikulu zimaulutsidwa pa TVM ndi pa Rádio Moçambique, ndipo nyuzi monga Notícias ndi O País zimalemba zimene zachitika. Popeza zonse zimayankhulidwa m'Chipwitikizi, pagulu panu pakhale mmodzi wochimva bwino, mphunzitsi kapena mwana wa kalasi 12, woti azimasulirira anzake.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho ndichedwapo. Pa tsiku lililonse limene mwatsatira, pa dzina lililonse lembani chimodzi mwa zitatu izi: ndamuona, ndamumva akuyankhula, kapena palibe umboni. Musalembe kuti "wajomba" chabe chifukwa kamera sinamuonetse. Holo ya anthu 250 kamera siimaliza, ndipo wina akhoza kukhala ali paulendo wa comissão yake kapena ali m'chipatala. Mukamunamizira kamodzi kokha, iye adzatulutsa umboni woti analipo, ndipo kuyambira tsiku limenelo kope lanu lonse lidzakhala lopanda mchere pamaso pa anthu.

Siyanitsaninso kujomba ndi kunyanyala. Pa 13 Januwale 2025 ma deputado a Renamo ndi MDM sanapite ku mwambo wotsegulira pokana zotsatira za chisankho. Chimenecho chinali chiganizo cha chipani, ndipo m'kope chilembedwe choncho, kaya inu mukugwirizana nacho kaya ayi.

Umboni weniweni uli ndi Nyumba yomweyo, chifukwa imasunga kaundula wa amene abwera ndi amene sanabwere. Malamulo aakulu a dziko amati deputado amataya mpando akapanda kukakhala pampandopo, kapena akajomba kupyola malire amene Regimento, malamulo oyendetsera Nyumbayi, inaika. Kaundula ameneyu ndiye woyenera kupempha, ndipo kapemphedwe kake ndifotokoza kutsogoloku.

Pali kupezeka kwina kumene ife tingayeze bwino kuposa mtolankhani aliyense wa ku Maputo. Misonkhano ikatsekedwa, ma deputado amabwerera m'zigawo kukakumana ndi anthu. Kumapeto kwa kope siyani masamba a maulendo amenewa: anabwera liti, anafika pa sede, likulu la boma lathu, pokha kapena analowa mpaka ku Dómuè ndi m'ma localidade a kutali, msonkhano unali wa aliyense kapena wa mamembala a chipani okha, analonjeza chiyani. Afunseni a mfumu ndi a secretário a bairro, poti alendo otere sadutsa iwo osadziwa.

Mavoti

Musayembekezere kupeza pepala lonena kuti uje anavota chakuti. Ku Assembleia yathu ma deputado amavota motsatira gulu la chipani chawo, limene amalitcha bancada, ndipo zimene zimalengezedwa ndi chiwerengero cha ovomereza, okana ndi osatenga mbali. Mukadziwa mmene bancada yavotera, mwadziwa pafupifupi mmene munthu wanu wavotera, ngati analipo. Lamulo limadutsa koyamba na generalidade, kuvomereza mfundo yake yonse, kenako na especialidade, kuliona ndime ndi ndime, lisanavomerezedwe komaliza. Lembani dzina la lamulo, deti, gawo limene lafika, ndi mbali imene bancada iliyonse yatenga.

Chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake ndi pakamwa. Ndani wa ku Tete anaimirira n'kuyankhula? Anatchula msewu, sukulu kapena chipatala cha kuno, kapena anangotamanda mtsogoleri wake ndi kunyoza a mbali inayo mpaka nthawi yake kutha? Masiku a Perguntas ao Governo, pamene nduna zimabwera kudzayankha mafunso, ndi amene simuyenera kuphonya. Mverani ngati nkhani ya malasha a ku Moatize, ya anthu amene anasamutsidwira ku Cateme, ya magetsi a ku Cahora Bassa amene amadutsa pamwamba pa midzi ya mdima, kapena ya msika wa chimanga chathu yatuluka m'kamwa mwa wina aliyense.

Simungatsatire malamulo onse, ndipo palibe chifukwa. Mavoti awiri pachaka ndiwo akulu: la PESOE, limene ndi dongosolo ndi bajeti ya chaka chikubwera, ndi la Conta Geral do Estado, limene ndi lipoti la mmene boma lagwiritsira ntchito ndalama. Lachiwirili ambiri amaliona ngati mwambo chabe, koma kumbukirani ngongole zobisika. Mu 2013 ndi 2014 makampani a EMATUM, ProIndicus ndi MAM anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litalonjeza mobisa kuti lidzabweza, Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Nkhani itaphulika mu 2016 metical inagwa ndipo tonse tinamva ululu wake pa mtengo wa sopo ndi mafuta. Mu Epulo 2017 Nyumbayi, ndi mavoti a bancada ya Frelimo, inavomereza Conta Geral ya 2015 mmene munalowetsedwa zikole za ngongole za ProIndicus ndi MAM. Amene anatembenuza zinthu ndi anthu wamba. Bungwe la Fórum de Monitoria do Orçamento linasonkhanitsa ma siginecha 2,000, chiwerengero chimene malamulo aakulu amafuna kuti nzika zikadandaule ku Conselho Constitucional, ndipo mu 2019 ndi 2020 khotilo linagamula kuti ngongolezo n'zopanda mphamvu mwalamulo.

Matumba atatu a ndalama

Thumba loyamba ndi la zimene deputado amalandira. Malipiro ndi zina zowonjezera zimakhazikitsidwa ndi lamulo, Estatuto do Deputado, ndipo ndalama zoyendetsera Nyumbayi zimaoneka mu bajeti. Izi si zachinsinsi. Mu 2014 ma deputado atadzivomerezera zokoma zochuluka, anthu anaguba m'misewu ya Maputo ndipo Pulezidenti Armando Guebuza anabweza lamulolo kuti likaonedwenso.

Lachiwiri ndi la chuma chake. Lei de Probidade Pública, lamulo nambala 16/2012, limene linakonzedwanso mu 2024, limalamula akuluakulu a boma, kuphatikizapo ma deputado, kulembetsa katundu wawo polowa ntchito, kumaonjezera zosintha chaka ndi chaka, ndiponso potuluka. Mapepalawa amasungidwa ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, ndipo sasindikizidwa poyera. Wofuna kuona za katundu amayenera kupempha ndi kupereka chifukwa chomveka. Kwa ine funso lopindulitsa poyamba ndi lakuti kodi analembetsa, ndipo analembetsa pa nthawi yake? Procurador-Geral, mkulu wa ofesiyi, akamapereka lipoti lake la pachaka ku Nyumbayi amanenako za anthu amene alembetsa ndi amene sanatero, choncho tsiku limenelo likhale pa kalendala yanu. Lamulo lomweli limaletsa kudya pawiri, ndipo litayamba kugwira ntchito, ma deputado angapo amene analinso m'mabodi a makampani a boma anakakamizika kusankha chimodzi. Kuphwanya koteroko kumakadandaulidwa ku Comissão Central de Ética Pública.

Pali khomo lina limene ambiri sadziwa. Kampani ikamakhazikitsidwa, chikalata chake chimasindikizidwa mu Boletim da República, gawo la III Série, ndipo pa makampani ambiri maina a eni ake amalembedwa pomwepo. Mukaona chikwangwani pa ntchito ya mlatho kapena ya sukulu, jambulani dzina la kampani, mtengo wake ndi tsiku lomaliza ntchito. Kenako fufuzani eni ake. Bungwe la Centro de Integridade Pública lakhala likuchita kafukufuku wotere kwa zaka zambiri, ndipo zolemba zake zili pa intaneti kwaulere.

Thumba lachitatu ndi la ndalama zimene iwo amavomereza kuti zibwere kuno. Kuyambira mu 2013, bajeti ya dziko imapatula 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa pansi kuti ipite kwa anthu a m'madera mmene muli migodi, ndipo madera a ku Moatize ali m'gulu limeneli. Mu 2022 lamulo linakweza gawo lonse kufika pa 10 peresenti, pomwe 7.25 ndi ya chigawo ndi maboma. Lembani chimene bajeti yalonjeza, kenako chimene Conta Geral ikuti chinaperekedwa, kenako chimene maso anu aona pamalopo. Tribunal Administrativo, khoti loona za ndalama ndi ntchito za maofesi a boma, imatulutsa lipoti lake pa Conta Geral iliyonse, ndipo ndi mmene mumapezeka zosagwirizana.

Kalata yopempha

Chida chathu ndi Lei do Direito à Informação, lamulo nambala 34/2014 la pa 31 Disembala, limene mizu yake ili pa ndime 48 ya malamulo aakulu. Nzika iliyonse ikhoza kupempha uthenga umene ofesi ya boma ikusunga, osafunika kufotokoza chimene akuufunira. Ofesiyo ili ndi masiku 21 oti iyankhe. Kuona n'kwaulere, mumangolipira ma kope ngati mukufuna kutenga. Akakana ayenera kunena chifukwa chochokera m'lamulo, monga chinsinsi cha dziko, nkhani imene ili m'manja mwa khoti, kapena moyo wa munthu wamseri.

Lembani requerimento yanu, ndiye kalata yopemphayo, m'Chipwitikizi, yaifupi, yopempha chinthu chimodzi. Kalata yoti "tiuzeni zonse za ma deputado" imafera m'dirowa. Nenani kuti mukupempha kaundula wa kupezeka kwa ma deputado a círculo eleitoral (chigawo cha chisankho) ya Tete pa sessão (msonkhano wa Nyumbayi) yakuti, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Tchulani lamulo 34/2014, lembani dzina lanu ndi nambala ya BI, n'kusaina. Za Nyumba ya ku Maputo zimalembedwa kwa Secretariado-Geral wake, ofesi ya alembi a Nyumbayo.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa ine ndinaphunzira mowawa. Kalata yanga yoyamba ndinakaisiya pa ofesi ina ya boma ili imodzi yokha. Mayi wa pawindo anailandira bwinobwino, nati, "Pitani bambo, tidzakuimbirani." Patatha mwezi ndinakweranso chapa, ndalama ya ulendo nditachita kugulitsa nkhuku. Pawindo panali munthu wina. "Kalata yake iti, bambo? Muli ndi cópia?" Ndinalibe. Ulendo wachiwiri ndinanyamula makope awiri, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anadinda langa, kulembapo deti ndi nambala yolandirira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Popanda chidindo chimenecho masiku 21 alibe poyambira. Pepalalo lijambuleni pa foni, lenilenilo mulisunge m'pulasitiki kuopa chinyezi.

Masiku akakwana osayankhidwa, lembaninso kwa mkulu wa ofesiyo mutaphatikiza kope lodindidwa lija. Zikakanikabe, lamulo limalola kupita ku Tribunal Administrativo, ndipo kulinso Provedor de Justiça wolandira madandaulo a nzika pa maofesi a boma. Kukhala chete kwawo nakonso kulembeni m'kope, ndi deti lake. Ndime 79 ya malamulo aakulu imakupatsaninso ufulu wopereka petição, kalata ya pempho kapena dandaulo, nokha kapena pagulu, ndipo ya ku Assembleia imakafika ku comissão ya madandaulo ija.

Kuuza anthu, ndi kudzisamala

Tisanamizane, nkhani za ndale kuno zili ndi minga. Chisankho cha 2024 chitatha anthu mazana anataya miyoyo pa zipolowe m'dziko muno, ndipo mantha sanathe. Choncho gulu lanu lidziwike kuti limatsatira ma deputado onse a Tete, a zipani zonse, ndi muyeso umodzi. Ngati n'kotheka mukhale anthu osiyana zipani, amayi ndi abambo. Adziwitseni a mfumu zimene mukuchita asanazimve kwa ena. Kope likhale ndi linzake kunyumba ina. Pa WhatsApp ndi pa Facebook ikani zokhazo zimene muli nazo umboni, ndi deti ndi kumene mwazitenga. Mawu oti "wakuba" asatuluke mwa inu, chifukwa kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu m'malamulo athu. Nenani kuti bajeti inalemba zakuti, pamalopo tapeza zakuti, tinafunsa tsiku lakuti, yankho silinabwere. Musanaulutse chilichonse chokhudza munthu, mutumizireni kaye kuti ayankhepo, ndipo yankho lakelo liulutsidwe limodzi.

Msonkhano uliwonse wa Nyumbayi ukatha, fupikitsani zonse pa tsamba limodzi m'Chichewa. Lipititseni ku wailesi ya m'dera lanu, ku komiti ya sukulu, ku magulu a alimi ndi a mpingo.

Ndipo tsiku limene ma deputado abwera kwanuko, konzekeranitu. Sankhani mafunso awiri okha ndi anthu awiri owafunsa, mmodzi akhale mayi, ndipo wachitatu akhale pambali ndi kope. Wofunsa aimirire, apereke ulemu kwa a mfumu ndi kwa alendo, kenako anene modekha kuti, "Olemekezeka a Deputado, mutabwera kuno mwezi wa Ogasiti munati nkhani ya mlatho wathu mukaitula ku Maputo. Ife tamvera masiku a mafunso kwa boma ndipo sitinaimve. Mwina inatidutsa. Tithandizeni, munaitula tsiku liti, ndipo nduna inayankha chiyani?" Wa kope uja alembe yankho mmene lanenedwera, osaonjezera kapena kuchotsa, aike deti ndi maina a malo, ndipo m'munsi mwake asiye mizere ingapo yopanda kanthu yodzalembamo ulendo wotsatira.